Mitambo ya Wezi ndi Maginito a pa Chigayo

Pa chigayo,
Bolero.

Wezi mwana wanga,

Magetsi azima, ndiye chigayo chili zii. Amayi amene anali pamzere andisiyira matumba awo n'kupita kumsika. Ine ndavundikira ndowa yoyezera chimanga, ndaikapo thabwa, ndipo ndi pamenepa ndikulembera. Ukapeza ufa m'mapindiro a pepalali usadabwe.

Mwina udabwa kuti bambo wako akukulembera kalata chonsecho tigona nyumba imodzi lero ndipo ulendo wako wa kumaphunziro kunja ndi wa mawa lomweli. Chifukwa chake n'chakuti pakamwa panga ndasiya kupakhulupirira. Ndikati nditsegule kuti ndinene chabwino, chimene chimatuluka ndi chenjezo. Ubwino wa pepala ndi wakuti umalemba ndi pensulo, ukawerenga n'kuona kuti wayambanso, umafufuta.

Masana ano tikudya ndinayamba ndi za jekete, ndinapita pa za ndege, ndinafika pa akuba mapasipoti, kenaka pa chifuwa cha m'maiko ozizira. Iwe unasiya chakudya, unasamba m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Adada, ngati mukuopa chonchi ndingokhala. Asibweni akuti malo a uphunzitsi kusukulu kwawo sanapatsebe munthu." Ine ndinangoti kakasi. Utalowa kuchipinda amayi ako anandiyang'ana n'kuti, "Bambo a Wezi, mwana mwamuwiritsa ndi mantha anu mpaka wafewa. Tsopano mumudya?" Ndinangotenga njinga n'kubwera kuno.

Kukhala chete kuja ndiko ndikufuna kukonza. Usakutenge ngati kuvomera. Kunena zoona, kamtima kanga kanadumpha pang'ono utatchula zokhala, n'chifukwa chake pakamwa panauma. Koma si kamtima kameneko kakukulembera. Ndikufuna upite, Wezi. Ndazilemba poyambirira pomwe kuti ngakhale utatopa nayo kalatayi pakati, mawu amenewa ukhale utawaona.

Ndiyambe ndi kubwereza zimene wakhala ukundifotokozera, monga ndimachitira ndi kasitomala pomufunsa kawiri kuti, "Mwati mgaiwa kapena woyera?" Ngati ndasokoneza udzandikonze. Unati pakati pa nyenyezi si pululu ayi. Pali mitambo, osati ya mvula ngati imene imatsika kuchokera ku Nyika, koma ya mpweya wopyapyala ndi fumbi, yozizira koopsa, yaikulu moti kuwala komwe kumatenga zaka kuti kuidutse. Unandionetsa pa foni chithunzi cha mlalang'amba n'kuloza malo akuda bii amene ali pakati pa zoyerazo. Ine moyo wanga wonse ndinkayesa kuti ndi mabowo, malo amene nyenyezi zinaperewera. Iwe unati ayi, pamenepo ndi pamene padzaza kwambiri, fumbi latchinga za kuseri, ndipo m'kati mwa mdimawo ndimo nyenyezi zatsopano zimabadwira. Chinthu chilichonse chimakoka chinzake, ndiye mtambo umadzikoka wokha n'kumafinyikira pakati, mpaka pakatipo patenthe n'kuyaka. Funso lanu anthu a maphunzirowa, ngati ndinamva bwino, n'lakuti mitamboyi imachedweranji. Ikanakhala kuti imangodzikoka popanda choletsa, bwenzi itasanduka nyenyezi msangamsanga, koma imabala mwaulesi, ndipo kachigawo kakang'ono kokha ndiko kamayaka. Zoletsazo unatchula ziwiri: chipwirikiti cha mphepo m'katimo, ndi maginito. Ntchito ukupitirayi ndi yofufuza kuti ziwirizi zimagawana bwanji ntchitoyo. Ndakhoza?

Poyamba nkhaniyi inandivuta kumbali ya chipembedzo. Ndinauza amayi ako kuti nyenyezi zinalengedwa kale, nanga izi zobadwa lero ndi za ndani? Iwo akusankha nyemba, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Anthunso analengedwa kale, koma pitani kuchipatala mukaone ngati azamba akusowa chochita." Kuchokera pamenepo mtima unakhala pansi kumbali imeneyo. Asibweni ako vuto lawo ndi lina. Iwo ndi munthu wophunzira, akuzidziwa izi, koma Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali n'kuti, "Alamu, dziko lino likusowa aphunzitsi a sayansi. Nyenyezi idzakugulirani feteleza?" Mpaka pano feteleza wochokera ku nyenyezi sindikumuyembekezera. Si munthu woipa asibweni ako, ndipo uphunzitsi si ntchito yonyozeka. Tsiku lina ukadzaufuna chifukwa choufuna, udzautenge. Koma usautenge chifukwa bambo wako amaopa ndege imene sanakwerepo.

Nditachoka kwathu ku Dowa ndinali mnyamata wa miyendo yaitali ndi kasutikesi ka malata. Anandiuza kuti ndikafika Rumphi boma ndikwere matola, ndikatsike pa Bolero, munthu wa ku esiteti ya fodya akandichingamira. Ine Bolero ndimudziwe bwanji? M'galimotomo aliyense ankayankhula Chitumbuka, ine liwu limodzi lokha ndinali nalo, yewo, kutanthauza zikomo. Galimoto ikaima, anthu atsika, ine maso mwalamwala kufunafuna chikwangwani. Kufunsa ndinkaopa kuti andiseka. Tinadutsa mapiri, tinadutsa minda, fumbi kulowa mpaka m'makutu, mpaka dalaivala anazimitsa injini ku Hewe n'kundiyang'ana ndili ndekha kumbuyo. Anati, "Iwe mnyamata, ukupita ku Zambia?" Ine poti sindinamve bwino ndinati, "Yewo chomene." Anthu a pa sitolo paja anaseka mpaka wina kugwira m'mimba. Kuseka kumene ndinkathawa kuja ndinakupeza konse pamodzi, kuphatikizapo ulendo wobwerera wapansi ndi sutikesi pamutu. Ukafunse, Wezi. Pa bwalo la ndege ukafunse, ngakhale chikwangwani wachiwerenga. Ndipo m'kalasi, akamakamba mothamanga zinthu zimene sunamve, usakagwedeze mutu ngati ine m'matola muja. Wanena wekha kuti akuluakulu a maphunzirowa samvana kuti wamphamvu ndani pakati pa mphepo ndi maginito. Pamalo pamene akuluakulu akutsutsana, mwana wofunsa sachita manyazi.

Utenanti wa pa esiteti ya fodya ija unandikanika, ndipo ndinalowa ntchito pa chigayo chino mwini wake akadali mkulu uja malemu. Ukudziwa kuti ufa ukachoka pa sefa umaponyedwa ndi mphepo m'paipi, n'kukazungulira mu chimgolo chosongoka kunsi chija, ufa n'kumatsika, mphepo n'kumatulukira pamwamba pa nsalu. Ine ndinkaona kafumbi ka ufa kakutuluka pa nsalupo ndipo mtima unkandiwawa kuti ufa wa anthu ukutayika. Tsiku lina ndinalawirira, ndinakwera, ndinachotsa nsalu ija n'kumangapo thumba la pulasitiki, kumanga kwenikweni ndi mphira ya njinga. Woyamba pamzere anali mtsikana wina wovala siketi yakuda yositidwa bwino, akuti akangogayitsa athamangire kwaya. Anatchera thumba lake, ine ndinayatsa. Chigayo chinalira mwachilendo, pulasitiki inafufuma, kenaka ufa wonse unatulukira kunsi kamodzin'kamodzi, phwii! Fumbi litatsika ndinaona munthu ali mbuu kuyambira tsitsi mpaka nsapato, maso okha akuphethira. Ndinkayesa kuti alira. Iye analavula, n'kunena kuti, "A Dowa, ine ndabwera kudzagayitsa chimanga, inu mwagaya ine? Chabwino, diresi loyera mwandiveka kale, wasowa ndi mwamuna." Amayi a pamzere analuluta. Mtsikana ameneyo ndi amayi ako, ndipo nkhaniyi iwo amaikamba mosiyana, amati ndinachita dala. Mwini chigayo atabwera sanakalipe kwambiri. Anangodula mphira ija n'kuti, "Chigayo chimapuma mpweya, mnyamata." Ndakukambira izi kuti udziwe mtundu wa munthu amene wakhala akukuchenjeza. Ine ndikaona kanthu kakutuluka, manja anga amathamangira mphira. Ndi chibadwa. Ukamva machenjezo anga uzichotserako theka.

Cholakwa china ndinachita ndi zitseko, ndipo ichi ndi chimene chandisowetsa mtendere mwezi uno. Nthawi ya chilimwe, mphepo ikamaomba m'chigwa cha Nkhamanga n'kumadzutsa akamvuluvulu m'minda youma, ndinaganiza kuti nditsegule zitseko zonse ziwiri kuti mphepo indisesere fumbi la ufa. Ndinati ndapeza wantchito waulere. Mphepo inalowadi, ufa unadzuka, m'chigayo munachita chifunga. Koma itatha ndinapeza kuti sunatuluke wonse. Pakati pa simenti panali poyera ngati pokolopa, koma kuseri kwa chitseko, m'mbali mwa khoma ndi pa miyendo ya chigayo ufa unaunjikana timizere tokhotakhota, tina tokhuthala mpaka kutola ndi manja. Ndinatukwana mphepo, ndinasesa, ndipo kwa zaka zonsezi sindinaganizirenso. Ndiye tsiku lija unabwera kudzandipatsa chakudya n'kumandiuza kuti chipwirikiti cha m'mitambo yako chimagwira ntchito ziwiri zotsutsana, ndinakumbukira. Unati chimatakasa mtambo wonse kuti usagwere pamodzi, koma pamene mphepo ziwiri zawombana mpweya umapanikizika n'kupanga timizere ndi timfundo, ndipo nyenyezi zimayambira pa timfundo pomwepo. Ndinakugwira dzanja n'kukusonyeza kuseri kwa chitseko. Unaseka n'kuti, "Pang'ono ndi zomwezo, Adada. Koma ufa wanu sudzikoka wokha, umangogwera pansi. Kumwamba kulibe pansi." Mawu akuti kulibe pansi amenewo ndimawaganizira ndikamapalasa njinga, ndipo mutu umazungulira. Fumbi lopanda pogwera limatani? Limangoyandama mpaka likumane ndi linzake?

Chimene ndatolapo ine n'chakuti kumene ukupitako udzatakasidwa. Chinenero china, zakudya zina, anthu othamanga, dzuwa lotuluka nthawi yolakwika. Masana ano ndimakuuza ngati kuti zonsezo zidzangokumwaza. Ndinaiwala kuseri kwa chitseko. Chipwirikiti chomwecho chidzakuwombanitsa ndi anthu amene sukanakumana nawo utakhala phee pa Bolero. Usakadzitsekere m'chipinda ndi kompyuta. Akakuitana kukamwa tiyi upite, ngakhale tiyi wake ali wopanda shuga.

Za maginito ndiye ndili ndi mbiri yaitali. Chimanga cha kumudzi chimabwera ndi zambiri: misomali, zitsekerero za mabotolo, tiziduswa ta makasu, tsiku lina mpaka kiyi wa loko. Chitsulo chikalowa chimaboola sefa, n'chifukwa chake panjira yotsikira chimanga timaikapo maginito. Chaka china msomali unadutsa n'kung'amba sefa yatsopano. Ndinalumbira kuti sizidzachitikanso. Ndinapita kwa wokonza mawailesi kumsika, ndinatenga maginito a m'masipika akufa onse amene anali nawo, n'kuwandandalika njira yonse, kumanzere ndi kumanja. Masiku oyamba ndinkagona tulo tabwino. Koma tizitsulo ndi mchenga wakuda uja tinayamba kumamatira, kamodzi pamwamba pa kanzake, mpaka panamera ndevu zakuda zokumana pakati. Chimanga chinayamba kutsika monyinyirika. Mzere unatalika mpaka pamsewu. Mayi wina wa ku Kazuni, atatopa, anafuula kuti, "Bambo a Wezi, kodi chimangachi chikulowa chimodzichimodzi ngati anthu olandira mgonero?" Wina anati, "Chigayo chakalamba, chameranso ndevu kuposa mwini." Ndinachotsa ambiri n'kusiya ochepa, ndipo ndinaphunzira kumawapukuta m'mawa uliwonse. Sefa inadzabookanso tsiku lina, koma anthu ankapita kwawo dzuwa likadalipo.

N'chifukwa chake utatchula maginito a m'mitambo ndinadumphira kuti apa ndiye ndikudziwa. Ndinati maginitowo amakoka fumbi n'kuliunjika, ngati misomali. Unapukusa mutu. Unati sakoka ayi, kwenikweni amaletsa. Unavula mkanda wa m'khosi n'kundionetsa kuti mikanda imayenda mosavuta motsatira ulusi, koma siingadumphe kuchoka pa ulusi wake kupita pa wina. Unati mtambo uli ndi ulusi wosaoneka wotero wolowa mbali ina n'kutulukira ina, ndiye mpweya umatsetsereka motsatira ulusiwo, koma ukafuna kufinyikira pakati modutsa, ulusi umapanikizana n'kukankha. Ine ndinafunsa kuti nanga mpweya ndi chitsulo kuti umve maginito? Unati ayi, wambiri sumva, ndi kachigawo kakang'ono kokha kamene kali ndi mphamvu ya magetsi ndiko kamagwidwa, koma wosamva uja pofuna kudutsa umagundana ndi wogwidwawo n'kumachedwa. Apa ndinaimirira. Ndinati ndiye ndevu zanga zija! Chimanga sichimva maginito, koma chinkachedwa chifukwa cha tizitsulo togwidwa. Unandiyang'ana n'kuti, "Apa ndiye mwayandikira, Adada." Sunati ndakhoza, unati ndayandikira. Ine munthu wa Sitandade 8 kuyandikira nyenyezi, tsiku lonse ndinkagaya ndikuimba mluzu.

Ndipo unawonjeza kanthu kamene ndakhala ndikukatafuna. Unati ngakhale maginito akhale olimba, mpweya wosamva uja umadutsabe pang'onopang'ono, koma akalimba mopitirira, mtambo ukhoza kukhala nthawi yaitali uli wakuda, wozizira, wosabala kanthu. Sindikufuna kunena zambiri pamenepa. Ndiwe wanzeru, ndipo masana ano unalipo.

Uli wamng'ono, usanayambe n'komwe sukulu, unkabwera kuno ndi amayi ako. Tsiku lina ndikupukuta maginito unatola mchenga wakuda uja, unauthira pa chikuto cha kope, n'kuika maginito kunsi. Mchenga unaimirira n'kupanga mizere yopindika, yochokera mbali ina kukalowa ina. Unandikoka buluku n'kuti, "Adada, mizere iyi wajambula ndani?" Ine ndinati, "Taya, zikulowa m'maso." Unataya. Ndinkanena zoona, zikanakulowadi m'maso, koma iwe unafunsa funso ndipo ine ndinayankha ndi chenjezo. Yankho ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe. Asibweni ako akhoza kukuuza dzina la mizereyo m'Chingerezi, nawenso ukulidziwa kale. Koma zimene mizere yotero ikuchita m'kati mwa mtambo wakuda, pa Bolero palibe angakuuze. Upite kumene kuli zida zoonera.

Tsopano ndikutume. Munthu akamapita kutali amatumidwa, ndipo ine sindikufuna wotchi kapena chipewa. Ndili ndi mafunso amene sunandiyankhe mokwanira.

Loyamba, amatakasa ndani? Madzi m'ndowa ukasiya kuwatakasa amadekha posachedwa. Unavomera kuti chipwirikiti cha m'mitambo nachonso chimatha msanga ngati palibe chokoleza. Unatchula nyenyezi zokalamba zimene zimaphulika, ndi zatsopano zimene zikangobadwa zimaponya mpweya mbali ziwiri n'kusokoneza mtambo umene wazibala. Ichi chachiwiri chinandiseketsa, chifukwa nanunso ana mumatero. Koma unati sizikudziwika bwino kuti chachikulu ndi chiti. Ukadziwa undiuze.

Lina ndi la maginito omwewo. Anga ndimawagwira ndi manja, ndi olemera. A kumwambawo chitsulo chake chili kuti? Unati palibe chitsulo, mpweya wa magetsi uja ukamayenda umapanga maginito wokha, ndipo chipwirikiti chimapotokola ulusi uja n'kuulimbitsa. Ndiye kuti mphepo imalimbitsa chinthu chomwe chikuiletsa? Apa ndinasochera. Amayi ako akuti zimenezo si zachilendo, m'banja zimachitika tsiku ndi tsiku, koma ine ndikufuna kumva kwa iwe.

Za kaonedwe kake ndamva pang'ono. Unati timbewu ta fumbi si tozungulira, ndipo timagona mofanana motengera m'mene ulusi wa maginito walowera, ngati udzu wa m'mphepete mwa Rukuru madzi osefukira akadutsa, ndiye kuwala kochokera kumeneko kumanena kumene tagonera. Za mphepo unati mtambo umaoneka wosasuntha moyo wonse wa munthu, koma mumadziwa kuti ukuwinduka chifukwa cha kamvekedwe ka mafunde amene mpweyawo umatumiza, monga njinga yamoto imalira mokweza ikamabwera n'kutsitsa ikadutsa. Ichi ndinakayesa. Ndinaima pamsewu wa ku boma n'kutseka maso, kumvetsera njinga zamoto za kabaza. N'zoona, zimatsitsa. Mnyamata wina anaima n'kuti, "Madala, mukupemphera kapena mukwera?" Zaka zonsezi zakhala zikudutsa pakhomo panga ndipo sindinamve. Ndi zinthu zingati zina zikudutsa chonchi?

Unatinso mumapanga mitambo yoyerekeza mu kompyuta, kuthiramo mphepo, kuonjeza maginito kapena kuchepetsa, n'kuona kuti ibala nyenyezi zingati, kenaka n'kufananiza ndi yeniyeni. Apa ndili ndi langizo la ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti aphunzitsi ako anakuuza kale. Tsiku lina ndinasintha lamba, sefa ndi nyundo zonse nthawi imodzi, ufa n'kutuluka wamiseremisere. Ndinathera tsiku lonse ndikumasula ndi kumanga, osadziwa kuti cholakwa ndi chiti mwa zitatuzo. Uzisintha chimodzi, uone, kenaka china. Ndipo zikatuluka zosiyana ndi zimene umayembekeza, usamathamangire kusesa ngati ine ndi ufa wa kuseri kwa chitseko. Uziyamba wagwada n'kuyang'ana.

Apa ndafufuta mizere ingapo, ukuona pepala lada. Inali ya masitepe oyenda okha ndi ya madzi oundana pamsewu. Zotsalazi zokha sindifufuta, undilole. Pasipoti uike m'thumba la m'kati limene amayi ako asokera pa jekete, osati m'chikwama. Nyemba ndi mfutso akakuletsa pa bwalo la ndege usakangane nawo, uwasiyire, tidzadya zina ukadzabwera. Uzidya nthawi yake, chifukwa ndikudziwa kuti ukagwira masamu umaiwala. Ukapeze tchalitchi, ngakhale nyimbo zake zikhale zozizira. Ukadwala unene, usatibisire poti tili kutali. Ukamaimba foni amayi ako adzafunsa za anthu, amene ukukhala nawo ndi zimene akudya, uwayankhe mokwanira. Akamaliza undipatse ine, ndipo ndikayamba za jekete undidule, unene kuti, "Adada, lero tikambe za mitambo." Ndakupatsa chilolezo.

Mantha anga sadzatha, Wezi, usayembekeze kuti athe kaye ndiye unyamuke. Ndinkaopa uli m'mimba, ndinkaopa utayamba kuyenda pafupi ndi lamba, ndinkaopa utapita ku sekondale yogonera, ndinkaopa uli ku yunivesite. Ukanakhala kuti ukuphunzitsa kwa asibweni ako ndikanaopa choko kuti chikulowa m'chifuwa. Ndiye usagule mtendere wanga ndi ulendo wako, chifukwa sungaupeze, ndipo tidzaluza tonse awiri. Manthawa ndi katundu wanga, ndakhala ndikuwasenza ndipo msana unazolowera. Iwe wako ndi sutikesi ija, yalemera kale.

Kalatayi ndiisiya pamwamba pa nsapato zako kuti usaiphonye. Madzulo ano tikamapemphera ndipempha amayi ako atsogolere, chifukwa ine ndikayamba kupempherera ndege ndikhoza kutchula ngozi zonse pamaso pa Mulungu iwe ukumva. Asibweni ako uwauze wekha, mwaulemu, kuti malo aja apatse wina. Akadandaula, amenewo ndidzakambirana nawo ine pachilamu.

Chomaliza. Mawa sindikuperekeza ku Mzuzu. Amayi ako ndi amene apite nawe mpaka ukwere basi ya ku Lilongwe. Usaganize kuti ndakwiya. Ndikudzidziwa: ndikakhala nawe m'galimoto, tisanafike n'komwe ku boma ndidzakhala nditakufunsa kangapo ngati watsimikiza, ndipo iwe ndi mtima wako wofewawo udzayang'ana nkhope yanga m'malo moyang'ana msewu. Choncho ndavomera dala chimanga cha ukwati wa ku Hewe, matumba odzaza ngolo, ndauza eni ake afike m'mamawa. Tidzatsanzikana pakhomo, ndidzakugwira dzanja, ndipo ndidzayesetsa kunena mawu awiri okha.

Galimoto yanu idzadutsa pano pa chigayo, palibe njira ina. Ndikudziuza kuti ndidzakhala m'kati, koma sindingalumbire. Ukadzandiona nditatulukira pakhomo, ndili mbuu, ndikukupiza dzanja ngati ndikuimitsa galimoto, usamuuze dalaivala kanthu. Ukupize nawe, mupitirire.

Uyende makora, mwana wanga.

Ndine bambo wako.